Waya womangira mabawuti akamangoduka, yambani mwaona pulayala

Dandaulo limene limamveka kawirikawiri pakati pa amakaniko amene amatseka mabawuti ndi waya, kaya ndi okonza ndege ku bwalo la Kamuzu International Airport ku Lumbadzi kapena a m'magalaja a ku Biwi ndi ku Kanengo, ndi lakuti waya akuduka ntchito ili mkati, kapenanso kuti ntchito inatha bwinobwino koma patapita masabata ochepa waya wapezeka atathyoka, bawuti yatsala yokha. Ambiri amafulumira kuweruza kuti waya amene anagula ndi wachabechabe. Nthawi zina zimakhaladi choncho, koma kawirikawiri mlandu umakhala wa pulayala imene inapota wayayo, kapena wa dzanja limene linagwira pulayalayo, ndipo umboni wake umapezeka pamalo enieni pamene waya wadukira. N'chifukwa chake kachidutswa koduka sikoyenera kutayidwa msanga. Katoleni, mukapukute oyilo, ndipo mukayang'ane powala musanadule waya wina.

Tiyambe tagwirizana kuti waya ameneyu samangitsa bawuti. Bawuti imamangidwa ndi torque wrench, sipanala yoyeza mphamvu yomangira, mpaka pa mlingo umene wopanga makinawo analamula, ndipo waya, amene amalowetsedwa m'bowo la pa mutu wa bawuti kenako mbali zake ziwiri n'kupotedwa pamodzi, amabwera pambuyo pake kudzaletsa kuti bawutiyo, ikayamba kukhwepa chifukwa cha kunjenjemera kwa injini, isazungulire mpaka kugwa. Choncho waya ayenera kukokera bawuti kumene imazungulira pomanga, ndipo n'kulakwa kukhwefula bawuti kapena kuimangitsa mopitirira mlingo n'cholinga choti mabowo ayang'anizane bwino. Pa ndege zazing'ono za injini za Lycoming kapena Continental, monga zina zimene zimanyamula alendo opita ku Likoma, waya ameneyu mumupeza pa fyuluta ya oyilo, pa bawuti yotsekera potulukira oyilo, pa mabawuti a pulopela ndi pa mabuleki. Pa galimoto za masiku ano sagwiritsidwa ntchito kwenikweni, koma eni malole, mathirakitala ndi njinga zamoto zimene zimayenda m'misewu yafumbi ya ku Malingunde kapena ku Nsaru amadziwa mmene mabampu a m'misewu imeneyo amamasulira zitsulo, ndipo ena amasankha kutseka ndi waya mabawuti amene sakufuna kuti adzawataye panjira.

Akadukira pamene pulayala inaluma

Apa ndi pamene pali vuto lalikulu, ndipo ndi pamene kusankha pulayala kuli ndi phindu lenileni. Mukayang'anitsitsa waya wotere mudzaona timizere tonyezimira todutsa mopingasa, tondandalikana ngati mmene mano a pulayala alili, ndipo wayayo amakhala atadukira pa kamzere kamodzi mwa timeneti, mosalala ngati wachita kudulidwa. Mukayendetsa chikhadabo pamwamba pake chimakodwa. Chizindikiro chosazama, chimene diso likuona koma chikhadabo sichikukodwa, sichidetsa nkhawa. Chimene chikukola chikhadabo ndi bala, ndipo injini ikamanjenjemera mng'alu umayambira pabalapo n'kumakula pang'onopang'ono mpaka waya atathyoka.

Chimene chimachititsa kuti bala limeneli likhale loopsa ndi malo ake. Mukamapota kuchokera pa bawuti yoyamba kupita pa yachiwiri, pulayala imagwira waya pafupi ndi bowo la bawuti yachiwiri, ndiye kuti pamene mano aluma m'pamenenso waya adzapindike polowa m'bowo kapena pozungulira mutu wa bawuti. Bala ndi kupindika zimakumana pamalo amodzi. Mapulayala otsika mtengo amakhala ndi mano akuthwa, osongoka ngati a pulayala wamba, chifukwa njira yapafupi yogwirira waya mwamphamvu ndi kumuluma. Mapulayala abwino amakhala ndi nsagwada zosalala koma zokhala ndi timapiri ndi timaenje tolowana, moti waya amagwidwa pokhotetsedwa pang'ono m'malo molumidwa. Kampani ya Milbar ndi imodzi mwa zodziwika pa mapulayala a mtundu umenewu. Ine ndimaona kuti kwa aliyense amene amagwira ndege, nsagwada zotere ndi chinthu choyamba kuyang'ana, ndipo zina zonse, monga mtundu wa zogwirira kapena kunyezimira kwa chitsulo, zibwere pambuyo.

Ngati pulayala imene muli nayo ndi ya mano akuthwa ndipo simungathe kugula ina panopa, pali zinthu ziwiri zimene zingathandize. Choyamba, gwirani waya kamodzi kokha ndipo mutseke loko imene imasunga nsagwada zitagwira wayayo, chifukwa kumangosintha pogwira kumachulukitsa mabala. Chachiwiri, potani ndi dzanja gawo lomaliza loyandikira bowo, kapena gwirani waya patsogolo pang'ono kuti malo olumidwawo akathere ku mbali imene idzadulidwe n'kutayidwa. Ena amapala manowo ndi tupa kuti abunthe. Zimathandiza pa waya wa galimoto ngati mwapala pang'ono chabe, koma mukapitiriza pulayala imayamba kupulumutsa waya, ndipo pamenepo mwasinthanitsa vuto limodzi ndi lina.

Akadukira pakati pa malo opotedwa

Waya amene wadukira pakati, kutali ndi bowo komanso kutali ndi pamene pulayala inagwira, amakhala kuti wapotedwa mopitirira muyeso. Amaoneka wopanikizana kwambiri, wopanda mpata uliwonse pakati pa mawaya awiriwo, ndipo mukamukhudza atangoduka kumene amakhala wofunda. Waya wa stainless steel, chitsulo chosachita dzimbiri, amauma akamapindidwa, ndipo akauma amasiya kupirira. Aliyense amene anaonapo ana akupanga magalimoto a mawaya amadziwa kuti amadula waya popanda chida chilichonse, pongomupinda uku ndi uku mpaka atatentha n'kuthyoka. Pulayala yopotera imachita zomwezo mofulumira kwambiri ngati dzanja silikudziwa poimira.

Mlingo umene amakaniko ambiri a ndege amaphunzitsidwa ndi wakuti mawaya awiriwo apotane ka 6 mpaka ka 8 pa inchi imodzi, yomwe ndi mamilimita pafupifupi 25, pokhapokha ngati buku la wopanga ndegeyo latchula nambala ina, ndipo likatero mawu a bukulo ndi amene amatsatidwa. Ikani rula pambali pa waya muwerenge, m'malo mokhulupirira diso lokha. Pulayala yayitali, ya mainchi 9, imazungulira kambiri pa kukoka kumodzi ndipo imalemera, choncho munthu akakoka kachitsulo kakumbuyo kamene kamazungulitsa pulayalayo mpaka kumapeto pa kagawo kafupi ka waya, amapezeka wapitirira asanazindikire. Kokani mwapang'onopang'ono, imani muone, kenako onjezerani. Pamene mukupota muzikokeranso pulayala yonse kwa inu pang'ono kuti waya akhale wokungika, chifukwa waya wolendewera sapotana mofanana, amakhwinyata malo amodzi n'kusiya ena otakasuka.

Pali mapulayala amene kachitsulo kokoka kamabwerera kokha chifukwa cha sipuling'i, ndipo pali ena amene muyenera kukabwezera nokha. Obwerera okha amafulumizitsa ntchito ndipo amathandiza pamene dzanja lina likugwira tochi kapena likuchirikiza waya. Koma kwa wophunzira ntchito, kufulumira komweko ndi kumene kumapotetsa waya mopitirira, chifukwa dzanja limangokoka kawiri katatu mosaganiza. Amene akuphunzitsa anyamata atsopano angachite bwino kuwayambitsa ndi kupota pamanja, kuti amve ndi zala mmene waya amaumira, asanawapatse pulayala.

Akadukira pa bowo la bawuti

Apa pulayala ikhoza kukhala yosalakwa. Mabawuti a ndege amabwera ataboola kale ku fakitale, monga a mtundu wa AN amene ali ndi chilembo H, mwachitsanzo AN4H, ndipo m'mphepete mwa bowo lawo mumakhala mosalala. Pa galimoto ndi pa njinga yamoto makaniko amaboola yekha, kawirikawiri ndi choboolera cha mamilimita 1.5 kapena 1.6, ndipo bowo lotere limatsala ndi mlomo wakuthwa umene umacheka waya pang'onopang'ono. Tengani choboolera chokulirapo, muchizungulitse ndi zala pakamwa pa bowolo mbali zonse ziwiri mpaka kuthwako kutachoka. Bowo liboolodwe pa mutu wa bawuti kapena pa ngodya yake, osati pa thunthu limene limasenza katundu, ndipo mabawuti a mabuleki kapena a chiwongolero asaboolodwe mwachisawawa ndi munthu amene sakudziwa mmene bowolo likhudzire mphamvu yake.

Kukula kwa waya nakonso kumalowapo. Waya wofala amabwera m'makulidwe a 0.020, 0.032 ndi 0.041 ya inchi, zomwe ndi pafupifupi mamilimita 0.5, 0.8 ndi 1. Pa chitini chake pamalembedwa nambala monga MS20995C32, pamene C akusonyeza chitsulo chosachita dzimbiri ndipo 32 akusonyeza 0.032. Wa 0.032 ndi amene amagwira ntchito zambiri, ndipo wa 0.041 amapezeka kawirikawiri pa mabawuti akuluakulu monga a pulopela. Waya wowonda m'bowo lalikulu amagwedera ndipo amadzicheka yekha, pamene waya wonenepa wokakamizidwa m'bowo laling'ono amasupuka polowa. Waya wakuda womangira zitsulo za nyumba, amene amapezeka m'sitolo iliyonse ya zomangira mu msewu wa Malangalanga, si wa ntchito imeneyi. Amapota mosavuta, n'zoona, koma amachita dzimbiri mvula ikangoyamba, ndipo pa ndege sayenera kuyandikira n'komwe. Komanso waya amene wamasulidwa sabwezeredwanso, ngakhale akuoneka wabwino, chifukwa anauma kale pamene ankapotedwa koyamba.

Akapanda kuduka koma ali wokhwepa

Waya wokhwepa ndi wopanda ntchito ngati woduka, ndipo amanamiza chifukwa poyang'ana patali amaoneka ngati zonse zili bwino. Mukamukankha ndi chala pakati pa mabawuti awiri ayenera kukana, osati kuwerama. Zifukwa zake zimakhala zitatu nthawi zambiri. Mwina kupota sikunayambire pa bowo penipeni, ndipo izi zimachitika munthu akapanda kupota koyamba ndi dzanja, mothina, asanaike pulayala. Mwina gawo lopotedwa latalika kupitirira bowo lachiwiri, moti waya wachita kubwerera m'mbuyo kuti alowe. Apa musayese kupotokola kuti afupike, dulani muyambirenso. Kumbukirani kuti waya amafupika akamapotedwa, choncho pulayala igwire mopitirira bowo pang'ono chabe, ndipo kupota kukatha kuthere pafupi ndi bowo koma kusalidutse.

Chifukwa chachitatu ndi chimene chimatibweretsanso ku pulayala. Waya mmodzi amalowa m'bowo, mnzake amazungulira mutu wa bawuti, ndipo wozungulirayo ayenera kukhala pansi, atakakamira m'mbali mwa mutuwo. Akakwera n'kudumpha pamwamba pa mutu, waya yense amakhwepa nthawi yomweyo. Chimene chimamusunga pansi ndi mbali imene mwapotera, ndipo n'chifukwa chake nthawi zambiri gawo lapakati limapotedwa kumanja koma kamchira komaliza kamapotedwa kumanzere. Pulayala wamba yopotera imazungulira kumanja kokha. Ilipo ina yokhala ndi posinthira, imene imazungulira mbali zonse ziwiri, ndipo kwa amene amamanga mabawuti ambiri tsiku lililonse ndalama yowonjezerayo siipita pachabe. Amene alibe asadandaule kwambiri, chifukwa kamchira ndi kafupi ndipo angathe kutseka loko n'kuzungulitsa pulayala yonse kumanzere ndi dzanja. Buku la bungwe loyang'anira za ndege ku America, FAA, lotchedwa AC 43.13-1B, limene linatuluka mu 1998, limati kamchirako kakhale kotalika kota mpaka theka la inchi, kopotana ka 3 mpaka ka 6, ndipo kapindidwire mkati kuti kasabaye munthu. Limanenanso kuti mabawuti otalikirana asapitirire atatu pa waya mmodzi, ndipo oyandikana akhale okhawo amene angakwane pa waya wa mainchi 24.

Pulayala ikamapulumutsa waya kapena kutseguka yokha

Vuto ili limadziwika msanga. Mwakoka kachitsulo, pulayala yayamba kuzungulira, kenako yatseguka n'kugwa, kapena waya mmodzi wapulumuka n'kukukwapulani padzanja. Kawirikawiri loko yake imakhala itadyeka, kapena nsagwada sizikumananso chifukwa wina anagwiritsa ntchito pulayalayo kuzulira mapini kapena kugwirira nati. Itsekeni muiyang'anitse ku dzuwa. Kuwala kukamadutsa kunsonga kwa nsagwada, waya wa 0.020 sangagwirike, ndipo wa 0.032 azipulumuka nthawi ndi nthawi. Gwedezaninso zogwirira ziwirizo cham'mbali. Zikamasewera pa mfundo pamene zalumikizana, pulayalayo yatha, ndipo kuimenya ndi hamala pa mfundopo kumangoipatsa masiku ochepa.

Waya wotsala kumbuyo kwa nsagwada akakhala wautali, mukulungeni momasuka pa pulayala musanakoke, chifukwa akamazungulira amakwapula ndipo amatha kufika m'maso. Magalasi otetezera maso si mwambo chabe pa ntchito imeneyi.

Pogula

Pulayala yopotera waya siipezeka mosavuta m'masitolo a zida a ku Old Town, moti ambiri amaitanitsa ku Johannesburg kapena pa intaneti, kapena amatuma mnzawo amene ali pa ulendo. Poti ndalama zakunja n'zovuta kupeza, funso la ambiri ndi lakuti agule iti ngati angakwanitse imodzi yokha. Yankho lili pa malo amene mumagwirapo ntchito. Ya mainchi 6 imalowa m'malo opanikiza, monga kuseri kwa injini ya ndege yaing'ono kumene fyuluta ya oyilo yazunguliridwa ndi mapaipi, kapena pa njinga yamoto, ndipo imagwira bwino waya wa 0.020 ndi 0.032. Ya mainchi 9 ili ndi mphamvu zodulira ndi kupota wa 0.041 popanda kupweteka dzanja, ndipo ndi yoyenera pa pulopela, pa lole ndi pa thirakitala pamene malo ndi otakasuka. Musaiwale kuti pulayala yonse imazungulira pamodzi ndi zogwirira zake, choncho malo amene ikufuna si utali wake wokha koma bwalo lonse limene zogwirirazo zikudutsa. Ambiri amazindikira izi pulayala itagunda kale paipi.

Ngati muli ndi mwayi woigwira musanalipire, pitani ndi zidutswa za waya wanu. Tsekani loko pa waya wowonda kwambiri amene mumagwiritsa ntchito ndipo mukoke mwamphamvu kuti muone ngati apulumuka. Potani pang'ono, mumasule, muyendetse chikhadabo pamene nsagwada zinagwira. Dulani waya wonenepa kwambiri ndipo muone ngati waduka kamodzi, mosalala, popanda kutafunidwa. Kokani kachitsulo kakumbuyo pang'onopang'ono, pulayala izungulire mosadodoma ndiponso mosayepa uku ndi uku. Ngati mukuitanitsa kutali, funsani chithunzi cha mkati mwa nsagwada, chifukwa zithunzi zambiri za amalonda zimaonetsa pulayala itatsekedwa, ndipo chimene mukufuna kuona chimakhala chabisika.

Kwa okonza ndege pali chinanso choyang'ana. Mapulayala ena ali ndi kalabala kofewa pafupi ndi podulira, kamene kamagwira kachidutswa kodulidwa kuti kasauluke. Pa galaja ya galimoto kachidutswa kotere kakagwa pansi palibe amene amakafunafuna, koma pa ndege kakagwera mu injini kapena pakati pa zingwe zowongolera, ntchito imaima mpaka kapezeke. Amene pulayala yake ilibe kalabalako aphimbe ndi chala kapena nsalu podula, ndipo awerenge zidutswa zake asanatseke injini. Ziliponso zida zatsopano monga Safe-T-Cable ya kampani ya Daniels Manufacturing Corporation, imene imagwiritsa ntchito chingwe chachitsulo chopota kale ndi kachitsulo kofinyira kumapeto. Imachotsa mavuto ambiri amene tatchulawa, koma ndi yodula, zingwe zake ziyenera kuitanitsidwa nthawi zonse, ndipo pa ndege imagwiritsidwa ntchito pokhapokha pamene malamulo a ndegeyo alola.

Chenjezo lina ndi la waya wa kopa. Pa zida zadzidzidzi, monga chozimira moto kapena chivindikiro cha siwichi imene iyenera kutsegulidwa pangozi, pamaikidwa waya wowonda wa kopa amene amaduka munthu akangokoka ndi dzanja. Kumeneko kuduka msanga ndiye ntchito yake. Kuikapo waya wa stainless steel wopotedwa bwino ndi pulayala, poganiza kuti mukulimbitsa, n'kutsekera munthu chida chimene adzachifune mofulumira. Ndipo pa ndege iliyonse, kaya waya wapotedwa mokongola bwanji, ntchitoyo iyenera kuonedwa ndi kusainidwa ndi injiniya amene ali ndi chilolezo.

Kusamala pulayala mu fumbi la Lilongwe

Pulayala yabwino imathanso kuyamba kuvuta chifukwa cha fumbi, makamaka kuyambira mu Ogasiti mpaka mvula itagwa. Kandodo kopotana kamene kali mkati mwake kakapakidwa girizi wambiri, fumbi limamatirira n'kusanduka phala lokhakhala limene limadya chitsulo, ndipo pulayala imayamba kuzungulira modumphadumpha, zomwe zimachititsa kuti waya apotane mosafanana. Tulutsani kandodoko mpaka kumapeto, kapukuteni ndi nsalu yoviika mu palafini, kaumitseni, kenako mudonthezere oyilo wopepuka pang'ono chabe. M'nyengo ya mvula pukutani pulayala yonse musanaisunge, chifukwa dzimbiri limayambira mu loko ndi pa mfundo, malo amene diso silifika. Podulira pake ndi pa waya wofewa yekha. Mukadulira pini yolimba kapena msomali, mpeni wake umagumuka, ndipo kuyambira pamenepo uzisiya kamchira kosongoka kamene kamacheka manja a aliyense wolowetsa mkono mu injini. Isungeni m'kathumba kake, yosatseka loko, kutali ndi masipanala ndi mahamala a m'bokosi la zida, ndipo wobwereka amene akufuna chozulira mapini mumupatse pulayala wamba.